Zitini za Masika

"Nerys, tabwera nacho kuno chitini icho."

A Nerys adali akugawa nyemba m'mbale zitatu, ndipo sadacheuke. Mvula inkawomba pazenera la kukhitchini. Heledd, mwana wawo mmodzi yekhayo, adakhala patebulo osavula jekete la sukulu, poti m'nyumbamo simudakolezedwe moto chiyambire sabata.

"Ndi chitini chabe, Meurig. Idyani zisanazizire."

"Ndati bwera nacho."

Adachiika patebulo. A Meurig Prosser adachitembenuza ndi zala zawo zokhakhala. Pachivundikiro padalembedwa mwezi ndi chaka ndi cholembera chakuda chonenepa.

"Zilembo izi ndinazidziwa ndisanadziwe kumanga nsapato," adatero pang'onopang'ono. "Ili ndi dzanja la Tegwen."

Kusekondale kwathu kuli kachipinda kamene tonse timangokatchula kuti nkhokwe. Anthu a m'chigwa muno amasiyako zakudya, amayi a komiti amalemba pachivundikiro tsiku lomwe chakudyacho chidzawonongeke, ndipo mabanja osowa amakatenga Lachisanu. Makiyi ake ankasunga a Tegwen, mlongo wawo wamkulu wa a Meurig.

"Unakaima pamzere iwe? Mkazi wa Prosser, thumba m'manja, chigwa chonse chikuyang'ana?"

"Sindinaime pamzere uliwonse. Alamu amabwera nazo okha kukhomo lakumbuyo, inu mukapita ndi galu kuphiri. Palibe akudziwa, ngakhale a komiti anzawo. Anati dzina la Prosser lisamveke kumeneko."

"Ndiye akazi awiri mwapangana kundidyetsa zopempha m'nyumba mwanga."

"Nyumba yanu iti? Ya lendi ino, imene imameza malipiro anga onse mwezi usanayambe n'komwe? Ndimatembenuza okalamba pabedi kuyambira m'bandakucha, msana wanga watha, ndiye inu mukundifunsa za chitini?"

"Ntchito ibwera."

"Ibwera kuchokera kuti? Famu ija munkagwirapo ntchito anaigulitsa. Paja munkawetapo nkhosa akudzalapo mitengo. Mitengo sifuna m'busa, Meurig. Sabata iliyonse mumakatsamira mpanda kumsika wa nkhosa ngati muli ndi chogula, anzanu akukupatsani moni wachisoni. Manyazi anapha lambe."

"Amayi, Ababa," adalowerera Heledd, "nyembazi sizinalakwe."

Palibe adaseka.

"Mwana uyu ndiye ndikumulankhulira," adapitiriza a Nerys. "Chino ndi chaka chake cha mayeso. Chakudya chaulere cha kusukulu anatikaniza, akuti ine ndili pantchito. Mukudziwa komwe amakhala anzake akamadya nkhomaliro? Amakhala yekha pabenchi la m'khonde, buku pamaso, kuti asamuone kuti alibe kanthu. Akufuna kudzagwira ntchito kwa dokotala wa ziweto. Aphunzitsi akuti mutu ali nawo. Koma mutu umayenda ndi mimba."

"Ine ndinasiya sukulu ndili msinkhu wake. Ndinafa?"

"Simunafe. Tangokuonani."

Mawu amenewa adagwa ngati mwala m'chitsime. A Meurig adakankha mbale yawo, nadzuka. Adatsegula makabati limodzilimodzi mpaka adazipeza pansi pa sinki, kuseri kwa sopo: supu, nsomba, mapichesi, mkaka, zonse zili ndi dzanja lakuda lija. Adazilongeza m'katoni.

"Izi zibwerera komwe zinachokera. Pakhomo pano timapereka, sitilandira."

Adakaitsekera katoniyo m'kanyumba ka zipangizo, kiyi n'kuika m'thumba.

Lachisanu lotsatira a Meurig sadapite kuphiri. A Tegwen atafika kukhomo lakumbuyo ndi thumba lawo, atavala chikhoti chawo chakutchalitchi, adapeza mlongo wawo ataima pakhomo.

"Bwerera nazo."

"Usandikwezere mawu, Meurig, ndinakusintha matewera ine."

"Ndani anakutuma?"

"Anandituma abambo athu ali m'mandamo. Ukuganiza ndimachitira iwe? Ndikufuna ndiziyenda mumsewu osamva kuti ana a Idwal Prosser ayamba kuima pamzere. Ndiye ndimatenga pang'onopang'ono, mwakachetechete. Ukudziwa zomwe Mayi Vaughan a m'komiti aja angandichite atadziwa? Ayamba kale kununkhiza, akuti mashelefu akupepuka. Angandilande makiyi pamaso pa komiti yonse."

"Ndiye leka, upume."

"Chibale ndi fupa, mlongo wanga, sichiola."

"Fupalo ukalipatse galu."

A Tegwen adayang'ana Heledd, amene adaima kumbuyo kwa bambo ake, napukusa mutu, n'kubwerera ndi thumba lawo.

Masabata otsatirawo adali a buledi, tiyi ndi mbatatesi zowiritsa. A Nerys ankabisa m'chikwama masikono otsala kuntchito, koma si tsiku lililonse pankatsala kanthu. Heledd adayamba kusinza m'kalasi. Madzulo ankawerenga atafunda bulangete, zala zikumukanika kugwira cholembera, koma ankawerengabe. Mafupa a nkhosa onse ankawatchula pamtima, ndipo tsiku lina bambo ake atamumva akuwatchula adamwetulira pang'ono, kenaka adatuluka panja ngati akumbukira ntchito.

Ndiye adafika masika. Chaka chilichonse, zokolola zikalowa, sukulu yonse imapita kutchalitchi chachikulu kukathokoza. Kalasi ndi kalasi imayenda pamzere kupita kutsogolo, mwana aliyense atanyamula chopereka chake, ndipo zonse zimakathera kunkhokwe. Heledd adali ataganiza kale kuti adzanena kuti mutu ukumupweteka.

M'mawa wa tsikulo a Nerys adali atapita kale kuntchito. A Meurig adalowa m'khitchini atanyamula katoni ija, nkhope yawo ikuwala koyamba chiyambire chilimwe.

"Dzuka, mwanawe. Prosser sanalowepo masika chimanjamanja. Agogo ako ankalowa ndi thumba la mbatatesi paphewa, abusa mpaka ankapatuka."

Heledd adasuzumira m'katonimo. Chivundikiro chilichonse chidapakidwa utoto wofiira, ule umene abusa a nkhosa amaikira chizindikiro paubweya.

"Ababa, mwachita chiyani?"

"Ndaphimba dzanja la azakhali ako. Tsopano ndi zathu. Tikupereka."

"Andiseka."

"Akuseke chifukwa chopereka kuposa onse? Ana a Vaughan abwera ndi kapaketi ka mabisiketi, uona. Nyamula."

"Bwanji tingodya, Ababa? Supu yekhayo."

Nkhope ija idazima. "Nyamula," adatero.

M'tchalitchi mudadzaza fungo la maapozi ndi makhoti onyowa. Kutsogolo kudaima amayi a komiti, ndipo pakati pawo Mayi Vaughan, mkazi wa mwini famu yaikulu ya kumunsi kwa mtsinje, akulandira zopereka ndi manja awiri, akumwetulira mwana aliyense. A Tegwen adali pambali pawo akusanja.

Heledd adatula katoni yake, nafuna kudutsa msanga.

"Taonani mwana wa Prosser!" adatero Mayi Vaughan mokweza. "Katoni yathunthu, nyengo yovuta ngati ino. Ena muphunzirepo apa."

Adatulutsa chitini chimodzi kuti achionetse. Koma utoto wa nkhosa ndi wamafuta. Paubweya umakakamira chaka chathunthu, pachitsulo suuma. Udawamata m'manja, n'kudetsa mkono wa bulauzi yawo yoyera. Adatenga kansalu n'kupukuta chivundikirocho monyansidwa, ndipo pansi pa kufiirako padatulukira zilembo zakuda.

Adatenga china, napukuta. Adatenganso china.

Kwathu kuno ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa tanthauzo la chizindikiro chopakidwa pamwamba pa chizindikiro cha mwini: ndi ntchito ya wakuba nkhosa. Mzere udaima. Woimba limba adapitiriza pang'ono, kenaka nayenso adaleka.

"Tegwen," adatero Mayi Vaughan, mawu awo atatsika koma akumveka mpaka kubenchi lachitatu, "a Prosser amalandira kwa ife?"

"Ayi."

"Nanga izi zinatuluka bwanji m'nkhokwe?"

A Tegwen adayang'ana mwana wa mlongo wawo. Heledd adawayang'ananso, akudikira. Dzanja la a Tegwen lidalowa m'thumba la chikhoti, momwe mudali makiyi.

"Sindikudziwa," adatero. "Chitseko chija nthawi zina chimatsala chosakhoma pa nkhomaliro."

"Paja amakhala pabenchi la pomwepo yekhayekha," adanong'ona mtsikana wina pamzere.

Kumbuyo mnyamata wina adalira ngati nkhosa. Wina adayankha. Aphunzitsi adawaletsa, koma kulirako kudangosamukira kubenchi lina, motsitsa.

Ahedi, Bambo Rowlands, ndi munthu wofatsa, wotopa, amene sadakwezerepo mwana mawu. Adamukhazika Heledd muofesi, namupatsa tiyi wothira shuga wambiri. Mayi Vaughan adakhala pampando wapambali, kansalu kofiira kali m'manja.

"Heledd, mwana wanga, palibe za apolisi pano. Tikudziwa kuti kunyumba zinthu zathina. Njala imachititsa zambiri. Ungopita pamaso pa komiti, upepese, nkhani ithe. Tikatero tiyamba kukuthandizani moyenera."

"Sindinabe."

"Nanga unazitenga kuti?"

"Ankabwera nazo ndi azakhali anga."

"Mwamva?" adatero Mayi Vaughan. "Kuba n'kwina, koma kupaka matope mayi amene watumikira sukulu ino kuyambira iye asanabadwe! Mwana wa masiku ano."

A Nerys adaimbiridwa foni. Adafika ndi yunifolomu yakuntchito, akupuma mwawefuwefu, nanena zonse monga zidaliri: khomo lakumbuyo, thumba la Lachisanu, katoni, utoto. A Tegwen ataitanidwa adangoti, "Mlamu wangayu sanandikondepo," akuyang'ana pansi.

"Mayi aliyense amaikira mwana wake kumbuyo," adatero Mayi Vaughan. "Inenso ndikanatero."

Ahedi adapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Mukuti anapaka utoto ndi Bambo Prosser, ndipo anawabweza okha a Tegwen pakhomo. Abwere mawa adzanene zimenezo. Munthu sanamizira mlongo wake wa bere limodzi, komiti idzawamvera. Akapanda kubwera, Heledd, njira ndi ija ndakuuza."

Potuluka pachipata cha sukulu, nkhosa zija zidaliranso.

Madzulo a Meurig adalowa mochedwerako, chipewa chili chonyowa. Mkazi wawo ndi mwana wawo adali patebulo, mbatatesi zitazizira m'mbale.

"Mwamva?" adafunsa a Nerys.

"Ndamva. Ndikuchokera kwa Tegwen."

"Ndiye?"

"Akulira."

"Akulira iwo? Anawalirira ngati nkhosa ndi iwo?"

A Meurig adakoka mpando, nakhala chammbali, osayang'ana mwana wawo. "Takambirana. Nkhaniyi tisaikulitse. Heledd apepese."

"Mwati chiyani?"

"Tamvera, Nerys. Ndikapita kukanena, ndiye kuti Tegwen ndi wakuba. Mayi wamkulu, wa mumvano wa amayi, imvi mbuu. Amuchotsa m'komiti, kutchalitchi sadzakwezanso mutu. Ndiponso ndiye kuti ine ndaima pamaso pa mkazi wa Vaughan kunena kuti pakhomo panga tinkadya za nkhokwe. Vaughan yemweyo amene ndikuyembekeza kuti andiitane nyengo yobereka nkhosa. Adzandilemba ntchito kapena adzandiponyera chitini?"

"Ndiye mwasankha mwana."

"Ndi mwana. Za ana anthu amaiwala."

"M'chigwa muno? Zidzukulu za Huw wa kumlatho, uja anaba nkhosa, mpaka lero timazitchula chiyani? Si 'a nkhosa ziwiri'? Huw anamwalira ine ndisanabadwe! Kale ankati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Pakhomo pano zodya akulu zapota mwana."

"Usandiphunzitse miyambi."

"Utoto munapaka ndinu. Katoni munamusenzetsa ndinu. Anakupemphani supu mmodzi, supu mmodzi yekha!"

"Ndinkafuna alowe m'tchalitchi mutu uli m'mwamba!" adakuwa a Meurig, akumenya tebulo. Galu adathawira pansi pa mpando. "Ndinkafuna aone kuti sitinathe! Ukanapanda kulandira zinthuzo iwe, zonsezi zikanachokera kuti?"

"Ababa."

Heledd adalankhula motsitsa kwambiri mwakuti onse adatonthola.

"Ababa, tandiyang'anani. Ndinaba?"

A Meurig adayang'ana chipewa chawo. "Sunabe."

"Ndiye mawa mukanene zomwezo basi. Simukanena zambiri. Ndikakhala pambali panu. Mukafuna ndikagwira dzanja lanu, ngati muja munkandigwirira tikamaoloka mtsinje kukaona tiana ta nkhosa."

"Sizophweka choncho, mwanawe."

"N'zophweka. Kupepesa ndiye kovuta. Ndikaime pamaso pa azakhali, ndiwauze kuti pepani ndinakuberani, iwo andikhululukire? Kenaka Lachisanu ndikaime pamzere, andipatse thumba monga wakuba wolapa?"

"Ndi mawu chabe. Ukanena, ulemba mayeso ako, upita kutali, uiwala."

"Ngati ndi mawu chabe, bwanji akukukanikani inuyo?"

Mvula yokha ndiyo inkamveka. A Meurig adadzuka, natenga mbatatesi imodzi yozizira, naiponyera galu.

"Ndanena," adatero. "Sindipita."

Heledd adagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chomwe sangagule. Adaimirira, navula jekete la sukulu lija, ngakhale m'nyumbamo munkazizira. Adalipinda bwinobwino, manja ake mkati, naliika pampando.

"Vala, uzizidwa," adatero a Nerys.

"Sindibwererako, Amayi."

"Usanene choncho. Mayeso, Heledd. Tavutikira zimenezi. Ine ndipitanso mawa, ndikagwada ngati n'kofunika, ndikafika mpaka ku ofesi ya maphunziro."

"Munanena kale zoona lero, anakumverani? Mayesowo ndikalembera m'holo momwemo, kumbuyo kwanga akulira mee. Pabenchi paja sindingakhalenso. Ndikadye kuti njala yanga tsopano, m'chimbudzi?"

A Nerys adaphimba nkhope ndi manja. "Meurig, mwamumva? Nenani kanthu. Ndi mwana wanu uyu."

"Akapsa mtima amatero," adatero a Meurig ali pakhomo. "Ziphwa."

Adatuluka kukatseka kanyumba ka zipangizo, ngakhale mudalibenso choti n'kutsekera.

Kutacha mvula idakata. A Nerys adaima nthawi yaitali pakhomo la chipinda cha mwana wawo, akugogoda, akuchonderera, mpaka galimoto ya mnzawo wakuntchito idaliza hutala pamsewu. Adapita maso ali ofiira.

A Meurig adali pageti akumanga waya wa mpanda pamene basi ya sukulu idatulukira pakona. Idaima monga mwa masiku onse, chitseko n'kutseguka. Ana a m'basimo adakanikiza nkhope pamagalasi. Dalaivala, Gwilym, amene adaphunzira limodzi ndi a Meurig, adasuzumira.

"Bwanji Meurig! Dona wathu wagonereza lero?"

"Ali ndi chimfine."

"Pepani. Nyengo yake ino. Achire msanga, mayeso sadikira munthu." Adayang'ana kanjira kopita kunyumba, injini ikulira, ngati mtsikanayo angatulukirebe akuthamanga. "Mawa ndiime?"

A Meurig adapotokola waya ndi pulayala mpaka udaduka.

"Mawa udzangodutsa," adatero.

Gwilym adawayang'ana pang'ono, natseka chitseko. Basi idatsika chigwa.